Sitima Yomaliza ya Che Ayuba

Ine ndine Latifu, amene ndimalemba mayina pa maboti pa doko la Kachulu. Mukaona boti la zilembo zowongoka, dziwani kuti ndi dzanja langa. Mukaona la zilembo zopendekeka, ameneyo ndi mwini wake amene anadziyesa wodziwa zonse. Koma nkhaniyi si ya maboti. Ndi ya malo anga pambali pa mnzanga Ayuba, malo omwe ndinakhalapo zaka khumi ndi zitatu popanda wondifunsa.

Kuno kwathu kulibe njanji. Yapafupi ili kumpoto kwa nyanja, yopita ku Nayuchi, ndipo ambiri timangomva kuti kumadutsa sitima zazitali za malasha. Koma kuseri kwa shedi ya Che Ayuba, wokhoma zidebe ndi ndowa, njanji iliko. Imazungulira mtengo wa mango, kuwoloka kamlatho pa ngalande, ndi kubwerera pomwe yayambira. Njanji zake ndi mawaya okhuthala, ndipo timatabwa ta pansi pake tinadula ku maboti akutha. Ayuba anaphunzira ntchito ya malata ku Limbe ali mnyamata, pa shedi yoyang'anana ndi njanji, ndipo sitima zinamulowa m'magazi kuyambira pamenepo.

Chaka chilichonse, mpunga ukakololedwa ku Likangala, Ayuba ankapanga mutu wa sitima umodzi wa malata, womwe ife tinkangoti injini, kutalika kwake ngati mkono wa munthu wamkulu. Fatsani, wokonza mawailesi ndi mafoni, ankaikamo kamota kochokera m'wailesi za kaseti ndi mabatire. Ine ndinkapaka penti. Kupaka pentiko tinkakutchula kuti kuveka malaya, ndipo Ayuba akamaliza kuwotcherera ankandiyitana, “Lati, iyi uiveka chiyani?” Sankafunsa wina aliyense. Ndinkasankha ndekha mwa penti wotsala ku maboti, ndipo chomwe ndasankha chinkakhala chomwecho.

Tinalipo asanu ndi mmodzi, amuna a imvi tokhatokha. Tinkakumana Lachisanu masana tikachoka ku mzikiti, Fatsani ndi mnzake wina wachikhristu nkutipeza pomwepo. Akazi athu ankatitchula ana a sitima, ndipo sitinkadandaula. Mwambo wathu tinautenga ku maboti. Injini yatsopano sinkaonedwa mpaka penti atauma, inkaphimbidwa ndi chitenje, ndipo m'mbali mwake munkalembedwa dzina ngati mmene timachitira ndi boti lisanalowe m'madzi.

Ndinali ndi khumbo langa limodzi. Ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu bambo ananditenga ulendo wa ku Limbe kwa amalume, ndipo kumeneko ndinaona injini ya nthunzi itaima, yobiriwira, ya mawilo ofiira, ikupuma mwamphamvu ngati ng'ombe yotopa. Sindinaiiwale. Chaka chilichonse ndinkamukumbutsa Ayuba, iye nkumati, “Chaka chamawa, Lati. Mimba yake yozungulira ija imafuna mtima wofatsa.” Sizinkandipweteka. Panalibe munthu wina amene khumbo lake linkamveka kuposa langa, ndiye kudikira kunali kosavuta.

Kenako kunabwera a Meshack.

Anagwira ntchito ya njanji zaka makumi atatu, ndipo atapuma anadzakhala kumudzi kwa akazi awo, pafupi ndi Kachulu. Tsiku lina anabwera ndi ndowa yobooka, anamva phokoso kuseri kwa shedi, nkusuzumira. Anaima pamenepo kukamwa kuli yasa, ndowa ili m'manja. Atayandikira shelefu ya mainjini anayamba kuloza.

“Iyi ndimaidziwa! Koma apa panali kachitseko, Che Ayuba, ndipo makwerero anali mbali inayi.”

Ndinayembekeza kuti Ayuba apsa mtima, chifukwa ntchito yake sainyozetsa. M'malo mwake nkhope yake inawala ngati wapeza m'bale wotayika. Anawakokera mpando, ndowa ija nkuiwalika mpaka mawa lake.

Ndinene zoona: a Meshack analibe choipa, ndipo chimenecho ndicho chinkandipsetsa mtima kwambiri. Munthu wamwano umadziwa pomugwira. Awa anali aulemu, ofatsa, obwera ndi nzimbe zoduladula m'kajumbo, otchula aliyense “Che” ngakhale iwo ndi a tchalitchi. Poti ku mzikiti sapita, Lachisanu ankafika msanga nkutidikira pa shedi. Pa benchi ya Ayuba pali malo pomwe thabwa linasalala ndi kukhalapo kwanga, kudzanja lamanja la mwini wake. Tsiku lina tinawapeza atakhala pomwepo. Iwo sankadziwa, koma Ayuba ankadziwa, ndipo sananene kanthu. Ndinakakhala pa chidebe chovundikira.

Anali ndi foni yaikulu yomwe mwana wawo anawatumizira. M'menemo anatiwonetsa anthu a kunja, akuluakulu ngati ife, a njanji zazing'ono m'nyumba zawo, zina zodzaza chipinda chonse.

“Chaka chikamatha amalemba zofuna zawo,” anatero a Meshack. “Wina akufuna injini yakuti, wina akufuna yomweyo koma ya malaya a zaka zakutizakuti. Makampani opanga tisitimato amawerenga nkusankhapo. Taonani awa, atha sabata akukangana za kamzere kachikasu, kuti kanali kotakata bwanji.”

Tinaseka mpaka kugwira nthiti. Zinatikomera kudziwa kuti misala yathuyi ilinso ndi abale kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu. Inenso ndinaseka, chifukwa sindinaone komwe nkhaniyo inkapita.

“Nafenso bwanji osamatero?” anatero Fatsani. “Aliyense anene yomwe akufuna, ndi malaya ake omwe, tivote.”

Ayuba anapukuta maso ndi nsonga ya malaya. Maso ake anali atayamba chifunga chaka chathacho, ndipo dzanja lake linkanjenjemera akagwira chitsulo chowotcherera. Tonse tinkaona, palibe ankanena.

“Votani,” anatero. “Koma musankhe bwino, chifukwa ya chaka chino ndi yomaliza. Masowa afika pomwe afika.”

Mtima wanga unagunda kawiri, koyamba chifukwa cha mnzanga, kachiwiri chifukwa cha ine mwini. Ngati iyi inali yomaliza, ndiye kuti “chaka chamawa” chija chinali chitafika. Ndani akanalimbana ndi munthu amene wadikira zaka khumi ndi zitatu?

Lachisanu lotsatira zofuna zinatuluka zitatu. Fatsani ankafuna sitima yothamanga yomwe anaiona pa foni ija, yoyera mbee, ya mphuno yaitali ngati kakowa. A Meshack ankafuna injini ya dizilo yomwe anagwira nayo ntchito zaka zambiri, yabuluu ya mzere wachikasu m'chiuno. Ine ndinanena yanga, ndipo ndinainena bwino, mpaka nthunzi yake.

“Yobiriwira?” anafunsa a Meshack mofatsa. “Pepani, Che Latifu, ine za nthunzizo sindinazipeze, koma akuluakulu omwe ndinawapeza pantchito ankati zinali zakuda. Mwina poti munali mwana.”

Anthu anaseka pang'ono. Kusekako ndikanakumeza. Chomwe chinandikanika kumeza ndi choti Ayuba anatembenukira kwa iwo nkufunsa, “Ndiye zinali zakuda eti, a Meshack?” Iyenso anaziona ndi maso ake ku Limbe, koma za mtundu wa penti anafunsa iwo, ine ndili pomwepo, penti adakali m'zikhadabo zanga.

Tinaika zitini zitatu pansi, aliyense nkutenga njere imodzi ya bawo. Tinali asanu ndi awiri tsopano. Enawo sindinawayang'ane. Maso anga anali pa dzanja la Ayuba. Linaima pang'ono pamwamba pa chitini changa, ndinaliona, kenako linadutsa, njere nkugwera mwa a Meshack. Kaphokoso kake kanali kakang'ono, koma ndinakamva mpaka m'mano.

Fatsani anapeza imodzi, yake yomwe. Ine ndinapeza ziwiri, yanga ndi ya mkulu wina wosamva bwino amene mpaka lero ndimakayika ngati ankadziwa chitini chomwe ankaponyamo. A Meshack anapeza zinayi. Anandigwira chanza ndi manja awiri.

“Che Latifu, popanda dzanja lanu injini imeneyi ikhala chidebe chabe. Ndikudalira inu.”

Ndinamwetulira mpaka masaya kuwawa.

Kunyumba mkazi wanga Zuwena anandiyang'ana kamodzi kokha akutola matemba pa thandala.

“Bambo a Nafisa, mwatupa chonchi kwagwanji? Sitima yagwa pa mlatho?”

Ndinamufotokozera zonse, kuyambira pa benchi mpaka pa njere. Ndinkayembekeza kuti andimvera chisoni. Iye anaseka mpaka kukhala pansi.

“Ndiye Che Ayuba atenga mkazi wachiwiri basi! Pirirani, mkazi wamkulu simuchotsedwa pakhomo. Mungomuonetsa mnzanuyo pomwe pamakhala mchere.”

“Iwe ukuona ngati zamasewera.”

“Nanga si zamasewera? Amuna a zidzukulu kulimbirana chidebe cha mawilo.”

Mawu akewo anandibaya, chifukwa anali oona. Inali nsanje, yeniyeni, yomwe ndinkaganiza kuti ndinaisiya ku unyamata.

Miyezi iwiri ya chisanu inatha injini ikupangidwa. Kale ine ndinkagwira lata Ayuba akamadula. Tsopano ankagwira a Meshack, chifukwa ndi amene ankadziwa pomwe pakhale zenera ndi pomwe pakhale nyali, ndiponso maso awo ankawerenga tepi yoyezera m'malo mwa maso a Ayuba. Ndikachoka ku doko nkudutsa pa shedi ndinkawapeza mitu ili pamodzi, akunong'onezana za timakwerero. Ayuba ankadzutsa mutu nkuti, “Wabwera, Lati? Khala,” nkubwerera ku lata lake. Ndinkakhala pang'ono, kenako ndinkanamizira boti londidikira.

Tsiku londipatsa injini linafika kumayambiriro kwa Seputembala. Inali yokongola, sindingabise. Ayuba anaipanga ndi lata latsopano la zidebe, lonyezimira, ndipo ngakhale maso anali atatha, m'ngodya zake munalibe pokhota. A Meshack anandipatsa pepala lomwe anajambulapo zonse, kutakata kwa mzere ndi pomwe ukuthera, ngati ine ndayamba dzulo kugwira burashi.

“Dzina mulembe Elenala,” anatero. “Ndi mayi anga. Ankagulitsa nthochi pa mawindo a sitima, ndi mmene anandiphunzitsira sukulu.”

Tsopano ndifotokoze chinthu chimodzi cha ntchito yanga. Lata latsopano la zidebe lili ndi khungu loterera lomwe penti sagwirapo. Ukapaka chomwecho, penti amaoneka bwino masabata angapo, kenako dzuwa likatentha amasupuka. Mankhwala ake ndi ndimu. Umadula pakati, kukwecha lata lonse mpaka kunyezimira kuja kuzilale, kutsuka, kuumitsa padzuwa, ndiye nkupaka. Ine ndinaphunzira kwa mkulu wina amene ankapaka zikwangwani ku Songani, ndipo pagulu lathu tinkadziwa awiri okha, ine ndi Ayuba. Iye ankandisiyira ntchito imeneyi osayang'ananso.

Ndinkapakira m'kachipinda ka mkati mwa shedi, kuseri kwa chiguduli chomwe tinkapachika kuti anthu asaone. Tsiku limenelo Ayuba anakhala panja pa chigudulicho akukhoma ndowa, a Meshack pambali pake akumusimbira za mlatho wa ku Liwonde. Ndinkawamva akuseka. M'thumba mwanga munali mandimu atatu omwe ndinathyola m'mawa. Ndinawatulutsa, ndinawayang'ana, ndinatenga mpeni. Panja paja Ayuba anasekanso, kuseka kwa m'mimba komwe ndinali ndisanakumve chaka chonse. Ndinabweza mandimu m'thumba nkutsegula chitini cha penti.

Sindinganame kuti ndinaiwala. Sindinganamenso kuti ndinaganiza bwino chomwe chidzachitike. Ndinkangofuna kuti chinthu chawocho chisakhalitse.

Chodabwitsa nchakuti ndinaipaka bwino kuposa zonse zomwe ndinapakapo. Buluu ndinasakaniza katatu mpaka anafanana ndi wa pa chithunzi cha mu foni. Mzere wachikasu ndinaukoka ndi mpweya umodzi mbali iliyonse. Dzina la Elenala ndinalilemba ndi kaburashi ka ubweya wa mbuzi komwe ndimasungira maboti a anthu omwe ndimawalemekeza. Ndinkafuna a Meshack aone kuti pepala lawo lija linali losafunika. Mandimu aja ndinakamupatsa Zuwena, iye nkufinyira pa nsomba za makumba zowotcha, ndipo ndinadya pang'ono.

Tsiku lovundukula kunabwera anthu ambiri, asodzi, amayi ogulitsa nsomba, ngakhale makondakitala a minibasi za ku Zomba. A Meshack anachotsa chitenje, anayang'ana, nkukhala pansi pa dothi, bambo wamkulu ndithu, misozi ili chuchuchu. Fatsani analumikiza mawaya, injini inanyamuka, inazungulira mango, inawoloka kamlatho ikukoka mabogi asanu, anthu nkuwomba m'manja.

“Ili ndi dzanja la Latifu,” anatero Ayuba pamaso pa onse. “Zaka zonsezi ine ndimapanga mafupa, moyo amaika ndi iyeyu.”

Ndinanyada, ndipo pomwepo ndinachita mantha. Ndinayamba kupemphera mumtima kuti mwina lata limeneli likhala la mtundu wina, penti agwira ndithu.

Okutobala anabwera ndi dzuwa lake lomwe limachititsa nyanja kuthawira kutali. Shelefu ya mainjini ili pansi penipeni pa denga la malata. Lachisanu lachitatu la mweziwo a Meshack ananyamula Elenala kuti ayiike pa njanji, ndipo atachotsa chala, penti anatsalira pa chalacho. Anayang'ana chala, anayang'ana injini. Anakhudza pena, napo panasupuka ngati khungu la mbatata yophika. Mzere wachikasu unalendewera. Pa dzina panatsala zilembo zitatu, kwinako lata lili mbee.

A Meshack anayesa kubwezeretsa kachidutswa ka dzina ndi chala, koma kanangofumbutuka.

“Che Latifu, penti wanuyu anali wakutha kapena?” anafunsa Fatsani. “Zinazi bwanji sizinatere, zaka zonsezi?”

Maso onse anabwera kwa ine. Ndinatsegula pakamwa osadziwa ngati mutuluke bodza kapena zoona, koma Ayuba anandiyambirira.

“Musamunene Latifu. Cholakwa ndi changa. Ndinatola lata lomwe linakhudzana ndi mafuta, maso sanaone. Pa mafuta penti sagwira, ngakhale apake ndani. Ndinakuuzani kuti ndatha, mwaona nokha.”

Ameneyu ndi munthu amene zaka makumi anayi palibe anamubwezera ndowa kuti yadontha. Ananena zimenezo pamaso pa anzake, mawu osanjenjemera, nkhope itayang'ana pansi. Ine ndinkadziwa kuti lata lija linalibe dontho la mafuta, chifukwa ndinaligwira ndi manja anga. Nthawi yolankhula inalipo, yokwanira. Ndinakhala chete.

A Meshack anaika injini pansi nkupita kukamugwira Ayuba paphewa.

“Musadandaule, achimwene. Ndi penti chabe. Mafupa ake ndi olimba, amenewo ndi anu.”

Ndiulule chinthu chonyansa kwambiri m'nkhani yonseyi. Pa nthawi imeneyo, manyazi atandigwira, ndinayang'ana dzanja lija lili paphewa pa Ayuba, ndipo ndinachitanso nsanje. Anamutchula achimwene.

Loweruka ndi Lamulungu sindinadutse pa shedi. Ndinapita ku doko kudzera njira ya kuseri kwa msika. Zuwena anali atamva kale nkhani ya penti kwa amayi anzake, ndipo Lamulungu masana, akupeta mpunga, anandifunsa osandiyang'ana.

“Bambo a Nafisa, mandimu aja munabwera nawo tsiku lopaka sitima, munathyolera chiyani m'mawa muja?”

Ndinayang'ana kumbali. Ulendo uno sanaseke.

Lolemba m'mawa ndinathyola mandimu asanu, ndinatenga maburashi ndi buluu wotsala. Ndinakonza mawu m'njira. Ndinati ndimuuza Ayuba zoona, ndipala injini yonse, ndiyambiranso, ndipo pofika Lachisanu zonse zikhala mmene zinalili.

Ndisanafike kuseri kwa shedi ndinamva fungo la ndimu.

A Meshack anali atakhala pansi pa mango, injini ili pamiyendo, ataipala kale penti yense. M'dzanja anali ndi ndimu wodula pakati, akukwecha lata pang'onopang'ono, makoko ena ali mbwee pansi. Ayuba anali pambali pawo, akupapasa ndi chala pomwe pakwechedwa.

“Mwadzuka bwanji, Che Latifu!” anatero a Meshack mosangalala. “Taonani zomwe ndaphunzira ukalamba uno. Che Ayuba akuti ndimu amachotsa mafuta onse pa lata. Ine zaka makumi atatu pa njanji osadziwa!”

Chinsinsi chomwe ndinachisunga theka la moyo wanga chinali m'manja mwawo, madzi ake akuyenderera pa chigongono.

“A Meshack,” anatero Ayuba, “tatungani madzi pa mjigo, titsuke isanaume.”

Anatenga ndowa nkupita. Tinatsala awiri. Mawu onse omwe ndinakonza aja anathawa.

“Ayuba, lata lija linalibe mafuta.”

“Ndikudziwa.”

“Sindinakweche.”

“Ndikudziwa, Lati. Ndinadziwa tsiku lomwelo. Zaka zonsezi ukamapaka kuseri kwa chiguduli, shedi yonse imanunkhira ndimu. Tsiku lija sindinamve kanthu. Maso ndi amene atha, mphuno ilipo.”

“Ndiye bwanji sunanene?”

“Ndinkati mwina utuluka nkundiuza wekha. Ndinadikira tsiku lija, ndinadikira tsiku lovundukula. Lachisanu lija ndinadikiranso, koma ndinaona kuti anthu akudya uli wamoyo, ndiye ndinalankhula.”

Ndinakhala pa muzu wa mango. Mkwiyo womwe ndinaunyamula miyezi inayi unatuluka wokha, wopanda ulemu.

“Njere yako unaponya mwa iwo. Zaka khumi ndi zitatu ukundiuza chaka chamawa, ndipo yomaliza unapatsa mlendo.”

Ayuba anapukusa mutu.

“Yako ija ili ndi mimba yozungulira, mawilo ambirimbiri, timikono tolumikiza mawilowo. Ndi maso awa? Ndikanakupangira chinthu chonyansa, iwe nkumachiyang'ana moyo wako wonse. Ya a Meshack ndi bokosi, ndimatha kuipinda ndi zala osayang'ana. Ndinachedwa nayo yako, Lati, ndipo chimenecho ndi cholakwa changa chenicheni. Ukanandifunsa ndikanakuuza.”

Ndinatulutsa mandimu anga, ndinamuonetsa maburashi, ngakhale sindikudziwa ngati ankawaona.

“Ndipatse ndiikonze. Pofika Lachisanu ikhala bwino kuposa poyamba.”

“Iyayi.”

Ananena mofatsa, ndipo kufatsako kunandiwawa kuposa kukalipa.

“Pamaso pa anthu ndanena kuti cholakwa ndi changa, ndipo zikhala choncho. A Meshack sadziwa, sadzamva kwa ine. Pa benchi uzibwera monga kale. Koma injini iyi sindingaiikenso m'manja mwako kuseri kwa chiguduli. Ndayesa kuganiza, mtima ukukana. Ili ndi dzina la mayi a munthu. Apaka okha.”

“Sadziwa kugwira burashi!”

“Ndiye uwaphunzitse. Ndi chokhacho ndikukupempha.”

A Meshack anabwera ndi ndowa, madzi akutayikira pa nsapato. Tinatsuka injini, tinaiika padzuwa, ndipo podikira kuti iume anandifunsa mafunso ngati mwana wa sukulu, za kasakanizidwe ka buluu, za kuchuluka kwa parafini, za chifukwa chomwe burashi imasiyira timizere. Ndinayankha onse. Ayuba ankangomvetsera, ndipo ndinadziwa kuti akumvetsera ngati ndibisa kanthu. Sindinabise.

Buluu anapaka Lolemba lomwelo, mokhuthala pang'ono koma mosachititsa manyazi. Lachitatu tinabwerera kudzakoka mzere wachikasu. Umenewu ndi umene umasiyanitsa wopaka ndi wongodetsa, ndipo mumtima ndinali ndi kachiyembekezo koipa kuti pamenepa ndiye adzandifuna. Ndinawapatsa kaburashi kanga ka ubweya wa mbuzi, ndinawaonetsa poika chala chaching'ono kuti dzanja litsamire, ndinawauza kuti akoke mpweya asanayambe ndipo asaime panjira. Ndinawagwira pamkono poyambira pokha, kenako ndinasiya.

Dzanja lawo linayenda kuchoka ku mphuno ya injini mpaka kumbuyo osagwedezeka.

“Zatheka bwanji, Lati?” anafunsa Ayuba, akutsinzina maso kuyesa kuona. “Undiuze zoona, ine sindikuona.”

Ndinauyang'ana mzerewo nthawi yaitali, kufunafuna pokhota. A Meshack ankandiyang'ana akudikira, burashi yanga ili m'manja.

“Wawongoka,” ndinatero. “Palibe pokonza.”